MADZI PANSI PA GALIMOTO YA HYBRID: KODI ACOKERA KUTI?

 Lero ndifuna kukamba nanu za kanthu kakang'ono kamene kakhoza kutaitsa munthu ndalama zambiri, kapena moyo wace umene, ndiko kadziwe ka madzi kamene munthu apeza m'mawa pansi pa galimoto yace ya hybrid.

Galimoto ya hybrid ndiyo ija iri ndi injini ya petulo pamodzi ndi mota ya magetsi, ndipo motayo itenga mphamvu yace ku batire lalikuru lokhala kumbuyo. Kampani ya Toyota inayamba kugulitsa Prius ku Japan m'caka ca 1997, ndi Aqua m'caka ca 2011. Tsopano magalimoto otere, amene anagwirapo kale nchito ku Japan, afika kuno ambiri. Atsika m'sitima ku Dar es Salaam nalowa pa Nakonde, ndipo inu nomwe muwaona ali kunyamula anthu ku Kitwe, ku Ndola ndi ku Lusaka. Anthu awakonda cifukwa samwa petulo wambiri. Koma ambiri a ife tinaphunzira za galimoto pa malori akale, ndipo nzeru zija sizikwanira pano.

Ndiyambe ndi zimene ndinaona ndekha. Mlamu wanga anagwira nchito pansi pa mgodi zaka zambiri, ndipo atapuma anatenga ndalama zace za penshoni nagula Prius kuti azinyamulira anthu. Tsiku lina m'mwezi wa January anafika kwanga nkhope itagwa. Anali atapeza madzi m'buti, m'dzenje lija mukhala gudumu lapadera, ndipo munthu wina wokonza magalimoto m'mbali mwa mseu anamuuza kuti madzi oziziritsa batire aphulika, afunika batire latsopano. Mtengo wace unali pafupi kutha ndalama zonse zimene zinamtsalira. Ndinati, “Alamu, tiyeni tiyambe tawaona madziwo.” Tinabviika nsaru yoyera. Madziwo analibe mtundu, analibe pfungo, ndipo sanali oterera. Inali mvula, imene inalowa pa kamng'alu pamene denga likomana ndi citseko ca kumbuyo. Tinaumitsa, tinamata, ndipo nchito inathera pomwepo. Akuru anati safunsa anadya phula. Mlamu wanga akadapanda kufunsa, akadagula batire limene sanalifune, ndipo mvula ikadalowabe.

DZIWANI MTUNDU WA GALIMOTO YANU

Batire lalikuru litentha pogwira nchito, monga munthu atentha pokumba. Likatentha kopitirira masiku ambiri, likalamba msanga, makamaka m'mwezi wa October pamene dzuwa lathu liotcha. Cifukwa cace opanga magalimoto anakonza njira zoliziziritsira, ndipo njirazo ziripo zitatu.

Njira yoyamba ndi mphepo. Kafani kakang'ono kakoka mpweya wa m'kati mwa galimoto kupyolera pa kazenera ka pambali kapena pansi pa mpando wa kumbuyo, nikaupititsa pakati pa zigawo za batire. Prius, Aqua ndi Honda Fit amene ali ambiri kuno aziziritsidwa motero. Mverani bwino mau awa: m'batire la magalimoto amenewa mulibe paipi ya madzi ngakhale imodzi. Munthu akakuuzani kuti madzi oziziritsa batire la Aqua ali kudontha, dziwani kuti galimotoyo saidziwa.

Njira yaciwiri ndi madzi oziziritsa, amene amakanika awacha coolant. Madziwo ayenda m'mapaipi ndi m'timbale ta citsulo m'kati mwa bokosi la batire. Njira iyi ipezeka makamaka m'magalimoto a batire lalikuru koposa, aja alumikizidwa ku magetsi a m'nyumba ndi pulagi, monga Chevrolet Volt imene inayamba kugulitsidwa ku America m'caka ca 2010. Njira yacitatu ndiyo kubwereka kuzizira kwa makina aja aziziritsa anthu m'galimoto, amene ambiri ati eyakoni; Mitsubishi Outlander ya pulagi icita motero. Buku la galimoto yanu linena njira imene yanu itsata, ndipo kudziwa ici ndiko kuyamba kwa nchito yonse.

Koma musaganize kuti Prius iribe madzi konse. Mukatsegula boneti mudzaona matanki awiri a madzi ofiirira. Imodzi ndi ya injini, monga m'galimoto iri yonse. Inayo ndi ya bokosi lonyezimira lochedwa inverter, limene lisanduliza magetsi a batire kuti akhale oyenera mota. Mu Prius ya caka ca 2009 batire lipatsa mavolti 201, ndipo bokosilo liwakweza kufikira 650. Nchito yotere itentha kwambiri, motero bokosilo liri ndi mapaipi ace, redieta yace, ndi pampu yace ya magetsi. Kawirikawiri anthu akati madzi a batire adontha, cimene cadontha ndi madzi a bokosi limeneli.

MUSANAGWIRE KANTHU

Inu a ku migodi mudziwa lamulo limene kapitao sakunyengererani: musanakhudze makina, zimitsani magetsi, ikani loko, ndipo yesani kuti muone ngati afadi. Lamulo lomwelo ligwira nchito pano. Mawaya onse a mtundu wa lalanje anyamula magetsi okhoza kupha munthu. Musawagwire, musawakoke, musawadule. Galimoto ya hybrid ikhoza kukhala cete koma iri moyo. Ngati pa dashibodi paoneka mau akuti READY, injini ikhoza kulira yokha nthawi iri yonse, dzanja lanu liri pa fani. Zimitsani, ndipo kiyi muiike kutali.

Makanika wophunzira nchito iyi abvala magolovesi a mphira oyesedwa pa mavolti 1,000. Acotsa waya wa batire laling'ono, nazula pulagi ya lalanje imene idula batire lalikuru pakati, naiika m'thumba mwace kuti wina asaibwezere iye ali kugwira nchito. Atatero alinda mphindi 10, cifukwa m'bokosi lija mutsala magetsi, ndipo ayesa ndi mita asanakhudze. Iyi si nchito ya mwini galimoto iai. Nchito yanu ndi ya maso ndi mphuno, ndipo muona kuti maso ndi mphuno zokha zipeza zambiri.

KATONI PANSI PA GALIMOTO

Madzulo imikani galimoto pamalo osatsetsereka ndi ouma, ndipo yalani katoni yoyera pansi pace, kuyambira kutsogolo kufikira kumbuyo. Lembani pa katoniyo pamene pali magudumu. M'mawa mudzaona pamene madontho agwera, ndi mtundu wao.

Madzi oyera mbee, opanda pfungo, ogwera cakutsogolo tsiku limene munatsegula eyakoni, si matenda. Ndi mame a makinawo, onga aja akhala pa botolo lozizira. Timadzi todontha pa paipi ya utsi m'mawa wozizira natonso tiribe mlandu. Mafuta akuda kapena ofiira ngati tiyi ndi a injini. Mafuta ofiira opyapyala ndi a giya. Oyezuka ngati mafuta ophikira, pafupi ndi gudumu, akhoza kukhala a mabuleki, ndipo galimoto yotere isacoke pakhomo. Koma madzi oziziritsa ali ndi zizindikiro zitatu. Ali ndi mtundu, umene m'magalimoto a Toyota ndi wofiirira ngati duwa, mwa ena wabuluu, wobiriwira kapena wa lalanje. Anunkhira motsekemera. Ndipo akauma asiya nkhambakamba yoyera yofiirira pamene anadutsa. Musawalawe.

Mukadziwa mtundu wa madzi, funani kumene acokera. Madzi sakwera phiri. Pamene adontha si pamene aturukira. Tengani toci, yambirani pa dontho, ndipo londolani kunyowako kumka kumwamba kufikira malo otsiriza onyowa. Malo amene acuca kawirikawiri ndi pa mfundo za mapaipi pamene pali zomangira, pa tanki ya pulasitiki imene ing'aluka ndi ukalamba, pa pampu, ndi pa redieta ya kutsogolo imene miyala ya m'miseu yathu ibooleza. Ngati pfumbi labisa zonse, pukutani ndi nsaru youma, yendetsani galimoto pang'ono, ndipo yang'ananinso. Musatsuke ndi paipi ya madzi amphamvu pafupi ndi mawaya a lalanje.

Cinanso cimene mwini akhoza kucita ndi kulemba mzera. M'mawa, galimoto iri yozizira, lembani ndi colembera pa tanki iri yonse pamene madzi alekezera. Patapita masiku atatu kapena sabata, yang'ananinso pa nthawi yomweyo. Ndinena m'mawa cifukwa madzi otentha afufuma nakwera, ndipo akhoza kukunamizani. Tanki imene yatsika ndiyo ikuuzani njira imene iri ndi bala. Musatsegule cibvundikiro injini iri yotentha. Ndipo pa tanki ya inverter pali cizindikiro cina cabwino: mukayatsa galimoto, madzi a m'menemo ayenera kugwedezeka pang'ono ngati kasupe. Akakhala bata, pampu yafa kapena mphepo yalowa m'mapaipi. M'caka ca 2012 Toyota anaitanitsa ma Prius ena akale kuti asinthe pampu yomweyi, motero si kanthu kacilendo.

NCHITO YA MAKANIKA

Mukafika kwa makanika, muuzeni zonse mwaona, ndipo penyani ngati acita zinthu ziwiri izi. Coyamba, alumikize kapampu ka dzanja kokhala ndi geji pakamwa pa tanki, napope mphepo monga mwa muyeso wolembedwa m'buku, osapitirira, cifukwa njira iri yonse iri ndi muyeso wacewace. Atatero alinde mphindi 10 kapena 15. Singano ya geji ikaima, njirayo iri bwino. Ikatsika, bala liripo, ndipo kawirikawiri mphepoyo ikankha madzi kuti aonekere. Kuona maso a nkhono nkudekha. Makanika wothamangira kuchula mtengo asanayese, mcenjereni naye.

Caciwiri, alumikize kompyuta yowerenga zimene galimoto yasunga. Galimoto ilemba madandaulo ace m'manambala. P0A93 anena kuti inverter siiri kuzizira bwino. P0AA6 anena kuti magetsi akuru apeza kanjira kothawira ku thupi la galimoto. Inu a magetsi a m'migodi mucidziwa ici, pakuti ndi nchito yomweyo imene cipangizo ca earth leakage cicita pansi paja. Magetsi a batire lalikuru sayenera kukhudza citsulo ca galimoto pena pali ponse, ndipo kompyuta iyesa ici kosalekeza. Madzi akalowa pamalo osayenera, akhala ngati mlatho, ndipo kompyuta ikhoza kukaniza galimoto kuyaka kuti ikupulumutseni. Kufufuta nambalayo osapeza cifukwa cace kuli ngati kumanga belu la ngozi ndi cingwe kuti lisalire.

BALA LOBISIKA

Tsono bvuto lalikuru ndi ili: tanki iri kutsika, koma katoni iri youma. Pamenepo madzi ali kupita m'kati. Ngati ndi tanki ya injini, akhoza kukhala ali kulowa m'masilinda cifukwa gasiketi ya mutu yapsa. Mudzaona utsi woyera wonunkhira motsekemera, ndi injini yonjenjemera poyaka m'mawa. Koma ngati galimoto yanu ndi ya mtundu waciwiri uja, ndipo tanki yotsikayo ndi ya batire, madziwo akhoza kukhala ali kusonkhana pansi pa bokosi la batire lenilenilo. Apa musangoonjeza madzi ndi kupitiriza ulendo, pakuti muli kuthira madzi pa magetsi.

Kuti mudziwe kuti sindiri kungoopsya, mverani cimene cinacitika ku America. M'mwezi wa May 2011 a boma oyang'anira za ngozi za pamseu anagunditsa dala Chevrolet Volt kuti aiyese. Bokosi la batire linaboola, mapaipi a madzi oziziritsa nang'ambika. Galimoto inaikidwa pabwalo, ndipo panalibe cooneka. Patapita masabata atatu inayaka moto yokha. Ofufuza anapeza kuti madzi aja anafika pa zipangizo za magetsi za batire, nalumikiza zimene siziyenera kulumikizana. M'mwezi wa January 2012 kampani ya General Motors inalengeza kuti ilimbitsa citsulo cochinjiriza batire, ndi kuika kacipangizo koyesa madzi m'tanki yace. Phunziro lace ndi lakuti moto wa batire ukhoza kucedwa masiku ambiri. Galimoto yotere ikagunda, kapena ikakhula mwala waukuru pansi, ipite kwa odziwa ngakhale ioneke yamoyo, ndipo igone panja, kutali ndi nyumba.

Batire loziziritsidwa ndi mphepo nalonso likhoza kunyowa, ndipo njira zace ndi ziwiri. Yoyamba ndi madzi ocokera kunja: mvula ya November kufikira April yolowa pa mphira wakutha wa citseko kapena pa nyali za kumbuyo, madzi a otsuka galimoto amene athira paipi m'kati, zigubu za madzi zimene tinyamula pamene mipope yauma, ndi ayezi wosungunuka wa nsomba. Yaciwiri ndi mankhwala a m'batire mwenimweni. Batire la Prius ndi Aqua akale liri ndi zigawo, 28 mu Prius ndi 20 mu Aqua, zolumikizidwa ndi timapale ta mkuwa, citsulo comwe cija inu mukumba. M'zigawomo muli mankhwala oopsya a mtundu wa soda, ochedwa potassium hydroxide. Satayika ngati madzi a m'ndowa, koma batire likakalamba aturuka pang'onopang'ono pa mabauti, nasiya ufa woyera ndi dzimbiri lobiriwira pa mkuwa. Mankhwalawa adya khungu, ndipo akhoza kucititsa khungu m'maso. Makanika awazindikira ndi kapepala ka litmus kaja munakaona kusukulu: kofiira kasanduka kabuluu. Koma kapepala kabuluu kakasanduka kofiira, ndiye kuti ndi asidi wa batire laling'ono la mavolti 12, limene m'magalimoto ambiri otere likhalanso kumbuyo. Ziri zonse za ziwirizi zikakugwerani, sambani ndi madzi ambiri nthawi yaitali, ndipo zikalowa m'maso thamangirani kucipatala.

ZOSAYENERA KUCITA

Pa malori akale ena a ife tinathira dzira kapena ufa m'redieta kuti bala litsekeke. Musayese ici pa hybrid. Tinjira ta m'kati mwa inverter ndi ta batire ndi tating'ono, ndipo cimene citseka bala citsekanso njira. Mankhwala omata a m'mabotolo nawonso apeweni. Musathire madzi a pacitsime kapena a pampope, cifukwa ali ndi mcere wa m'nthaka umene umanga miyala m'mapaipi, ndipo mcerewo uthandiza madzi kunyamula magetsi. Gulani madzi oziziritsa a mtundu wochulidwa m'buku, ndipo musasakanize mitundu. Akatha kukonza, makanika aturutse mphepo yonse m'mapaipi, pakuti pampu siikoka mphepo.

Cenjeraninso ndi okonza eyakoni. M'magalimoto ambiri a hybrid makina ace ayenda ndi magetsi akuru, ndipo afuna mafuta apadera osanyamula magetsi; a Toyota achedwa ND-11. Wina akathira mafuta a galimoto wamba, nambala ija ya P0AA6 ikhoza kubwera, ndipo inu mudzanamizira batire losalakwa.

Ndipo inu amai ndi abambo a ana ang'ono, mverani ici. Madzi oziziritsa ali ndi mankhwala ochedwa ethylene glycol, amene atsekemera koma aononga impsyo, ndipo pang'ono pokha pakwanira kupha mwana kapena galu. Musawasunge m'botolo la zakumwa. Odonthera pansi akwirireni ndi mcenga ndi kuuola. Mwana akamwa, musalinde kuti adwale. Pitani naye kucipatala nthawi yomweyo, mutanyamula cigubu cace.

Potsiriza, kazenera ka mphepo kaja ka ku mpando wa kumbuyo kasatsekedwe ndi thumba la ufa, bulangeti kapena katundu wa apaulendo. Pfumbi la cirimwe ndi tsitsi zidzaza kasefa kace ndi fani yomwe, motero kayereni kawirikawiri. Mukamva fani iri kulira kwambiri kumbuyo, batire liri kupempha mphepo.

Nanga muime liti? Pakaoneka nyali yofiira ya cenjezo, kapena mau onena za kutentha kwa hybrid, patukani pamalo abwino ndi kuzimitsa. Ulendo wotsala ucitike pa lori yonyamula magalimoto. Kulipira loriyo kupweteka, koma inverter yopserera ipweteka koposa. Mukamva pfungo lacilendo, kapena kuthetheka kumbuyo, kapena mukaona utsi, turutsani anthu onse, imani kutali, ndipo itanani ozimitsa moto, muwauze kuti galimotoyo ndi ya hybrid.

Zengerezu analinda kwaukwau, abale anga. Dontho limodzi pa katoni lero lifuna comangira ca paipi. Dontho lomwelo likalekereredwa mwezi wonse lidzafuna ndalama zimene munazikhetsera thukuta pansi pa nthaka. Mawa m'mawa, musanayatse galimoto, tsegulani boneti muone matanki awiri aja, ndipo kwezani mphasa ya m'buti muone ngati muli mouma. Mlamu wanga acita ici tsiku liri lonse la Sabata asanapite kuchalichi, ndipo Prius yace ikali kunyamula anthu ndi batire lomwe lija.

 Gonani bwino, ndipo inu a shifiti ya usiku mukagwire nchito mosamala.